Kukana Kuli ndi Mitundu Yake: Mawu a Mayeso ndi Zidzukulu za M'makomboni a ku Mashonaland

M'mabuku okonzekeretsa anthu mayeso a GRE, amene mayunivesite ambiri a ku America amafuna kwa munthu wopempha malo a digiri yachiwiri kapena yachitatu, mumapezeka kagulu ka mawu a Chingerezi okamba za kukana ndi kukanidwa. M'kaguluka muli renounce, abjure, recant, repudiate, disavow, spurn, rebuff, demur, gainsay, eschew ndi ostracize. Wophunzira amene wangoyamba kumene amalemba liwu lililonse pa kapepala kake, ndipo kuseri kwa timapepala tonseto amalembako tanthauzo limodzi lokhalokha: kukana. Pakutha pa sabata amakhala ataloweza mawu 11, koma m'mutu mwake muli ganizo limodzi basi. Tsiku la mayeso likafika, mawu onse aja amangofanana ngati mbuzi za m'khola usiku wopanda mwezi.

Vutoli limagwera aliyense amene sanayamwire Chingerezi. Komabe pali anthu ena amene sayenera kugonja nalo msanga. Anthuwo ndi zidzukulu za Achewa, Amang'anja, Ayao, Angoni ndi Asena amene anapita kukagwira ntchito m'minda ikuluikulu ya ku Mashonaland, minda imene ku Zimbabwe amati mapulazi, ku Malawi maesiteti, ku Zambia mafamu. Ochepa mwa achinyamata amenewa afika kale ku University of Zimbabwe, ku Bindura ndi ku Chinhoyi, ndipo ena akulakalaka kupitiriza maphunziro kunja. Wachinyamata wotere asamasiye Chichewa pakhomo pamene akulowa m'Chingerezi chozama. Chichewa chimasiyanitsa kale mitundu ya kukana mwaluso, ndipo mbiri ya makolo ake inaonetsa mopweteka kuti kusiyana kwa liwu limodzi ndi linzake kungathe kumulanda munthu dziko.

Choyamba ndi kumvetsa chimene mayesowa amayesa. Amakonzedwa ndi bungwe la ETS la ku Princeton m'chigawo cha New Jersey, ndipo kuyambira mu Seputembala 2023 amatenga nthawi yosakwana maola awiri. Gawo la chiyankhulo limapatsidwa malikisi oyambira pa 130 kulekeza pa 170. Kale munali mafunso ongofuna liwu lotsutsana ndi linzake, koma anawachotsa mu 2011. Masiku ano wolemba amapatsidwa chiganizo chokhala ndi mpata, pansi pake mawu asanu ndi limodzi, ndipo ayenera kusankhapo awiri amene atalowa pampatapo chiganizocho chingatanthauze chinthu chimodzimodzi. Ngati anayi mwa mawuwo wophunzira anawaloweza kuti onse ndi “kukana”, ndiye kuti wasochera asanayambe n'komwe. Funso silikhala lakuti kodi pali kukana kapena ayi. Limakhala lakuti ndi kukana kwa mtundu wanji.

Pamenepa Chichewa chili ndi zambiri zoti chiphunzitse. Tsinde la -kan- limabala ana ambiri, ndipo mwana aliyense ali ndi khalidwe lake. Munthu amakana. Akalimbikira, amakanitsitsa. Wamphamvu amakaniza wopanda mphamvu. Wopempha amakanidwa. Awiri amene anali pamodzi amakanana. Litsiro limakanirira pa chovala. Ntchito imakanika. Katswiri wa ziyankhulo Sam Mchombo, m'buku lake The Syntax of Chichewa la mu 2004, anafotokoza mmene timphatikira totere timasinthira chiwerengero ndi udindo wa otengapo mbali m'chiganizo. Kamphatikira ka -ik- kali ndi chizolowezi chofunika kuchiyang'anitsitsa: kamachotseratu wochita. Wina akanena kuti “chitupa chakanika kutuluka”, palibe amene akulozedwa chala. Akanena kuti “amukaniza chitupa”, pali munthu amene wakhala kuseri kwa tebulo. Mwana amene anakula akumva ziganizo ziwirizi amadziwa kale, ngakhale asanaphunzire galamala, kuti kukana kuli ndi mwini wake, ndi kuti chiyankhulo chimatha kumubisa mwiniyo.

Kunja kwa tsinde limeneli kulinso mawu ena. Kumana ndi kukaniza mnzako chinthu chimene uli nacho. Kusala ndi kupatula munthu pagulu, komanso kudziletsa chakudya. Kunyanyala ndi kukana mochoka. Kuwiringula ndi kukana kosatulukira poyera, kodzaza zifukwa. Kutsutsa ndi kukana mawu a wina. Kufulatira ndi kukana ndi msana. Wokana kwamtuwagalu ndi wotemetsa nkhwangwa pamwala sabwereranso m'mbuyo, pamene mlendo woitanidwa pa nsima amene wayankha kuti “zikomo, ndadya kale” wakana popanda kukhumudwitsa mwini nyumba. Chiyankhulo chokhala ndi nkhokwe yotere sichingakhale chopinga pa kuphunzira mawu a Chingerezi a kukana.

Njira yothandiza ndi kufunsa liwu lililonse la Chingerezi mafunso atatu amene Chichewa chimafunsa mwachibadwa. Kodi akukana ndani, wamkulu kapena wamng'ono? Kodi chikukanidwa n'chiyani: chinthu chimene wokanayo anali nacho kale, chimene akupatsidwa tsopano, kapena mawu amene anenedwa? Nanga akukana motani: mwaulemu, monyoza, kapena molumbira? Mafunsowa akafunsidwa, mawu aja amayamba kudzigawa okha.

Demur ndi kukana kofatsa, kozengereza, ndipo muzu wake wa Chilatini umatanthauza kuchedwa; ndi m'bale wa kuwiringula. Gainsay ndi kutsutsa zimene wina wanena, osati kukana mphatso. Eschew ndi kupewa chinthu mwadala, monga amachitira wosala mowa. Rebuff ndi kubweza mwamwano munthu amene wabwera ndi mtima wabwino, monga mnyamata wofunsira mbeta amene wayankhidwa mawu amodzi okha n'kutsekeredwa chitseko. Spurn ndi kukana monyoza, ndipo m'Chingerezi chakale liwuli linkatanthauza kukankha ndi phazi. Ostracize linachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza phale: mumzinda wa Athens, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, nzika zinkalemba pa mapale dzina la munthu amene sizikumufuna, ndipo munthuyo ankachoka mumzindamo kwa zaka khumi. Amene amadziwa phale lokazingira chimanga, nadziwanso kuwawa kwa kusalidwa, sadzaliiwala liwu limeneli.

Kagulu kachiwiri ndi kolemera kwambiri, chifukwa mawu ake onse amakamba za chinthu chimene wokanayo anali nacho kale. Recant ndi kubweza poyera mawu amene munthu ananena yekha. Abjure ndi kutaya chikhulupiriro molumbira, monga anakakamizidwira Galileo pamaso pa bwalo la mpingo ku Rome mu 1633. Disavow ndi kunena kuti chinthu kapena munthu wakutiwakuti sakukukhudza. Repudiate linachokera ku liwu la Chilatini lokamba za kuthamangitsa mkazi, ndipo lero limagwira ntchito pa wokana ngongole, wokana pangano kapena wokana mwana wake. Renounce ndi kulengeza kuti wataya udindo, ufulu kapena unzika umene unali wako. Mawu amenewa amasenza ganizo lobisika lomwe silinenedwa koma liyenera kukhala loona kuti chiganizo chimveke: munthu sataya chimene sanachigwirepo. Ganizo lobisikali ndi limene linaponderezedwa ku Zimbabwe mu 2001, ndipo amene anapwetekedwa kwambiri ndi anthu a m'makomboni.

Kuti zimenezi zimveke, m'pofunika kukumbukira mmene anthuwo anafikira kumeneko. Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, amuna ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique ankatsikira ku Southern Rhodesia, ambiri wapansi, kudzera ku Tete n'kuwoloka Zambezi. Pambuyo pake kunabwera malole a Ulere ndi bungwe lolemba anthu ntchito limene kumudzi linkadziwika kuti Mthandizi, ndipo m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, njirayi inapondedwa kwambiri. Iwo ndiwo anathyola fodya ku Trelawney, ku Banket, ku Karoi, ku Mvurwi ndi ku Macheke, natchola malalanje ku Mazowe. Ambiri sanabwerere. Kwawo anawatcha matchona, ndipo kumene anakhazikika anawatcha mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre, kapena mabwidi, dzina lachipongwe. Akatswiri a mbiri yakale monga Anusa Daimon ndi Zoe Groves alemba mozama za moyo wawo. Ana awo anabadwira m'komboni, navina Gule Wamkulu m'komboni, naika makolo awo m'manda a pa pulazi. Analibe mudzi ku Zimbabwe, ndipo mudzi wa agogo ku Dedza, ku Katete kapena ku Angónia ankangoumva m'nkhani za madzulo.

Mu 2000 kulanda minda ya azungu kutayamba, m'mapulazi munali antchito oposa 300,000, osawerengera mabanja awo. Ochepa kwambiri mwa iwo ndiwo analandira malo. Chaka chotsatira, nyumba ya malamulo inasintha lamulo la unzika. Aliyense wokhala ndi unzika wa dziko lina anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi, kuyambira Julaye 2001 mpaka Januwale 2002, kuti autaye motsatira malamulo a dziko linalo, apo ayi ataya unzika wa Zimbabwe. Mkulu wa kalembera wa nthawiyo, Tobaiwa Mudede, anatanthauzira lamuloli kuti likukhudzanso aliyense amene kholo lake linabadwira kunja, ngakhale mwini wakeyo sanatengepo chiphaso cha dziko limenelo. Liwu limene linali pamtima pa nkhani yonseyi ndi lomwe lija la pa kapepala ka wophunzira: renounce. Munthu wobadwira ku Raffingora, amene sanapondepo Mwanza kapena Chipata, anauzidwa kuti ataye unzika wa Malawi kapena Zambia umene sanakhalepo nawo. Ambiri sanamve n'komwe za lamuloli, ena analibe ndalama yokafikira ku maofesi a akazembe ku Harare. Chisankho cha pulezidenti cha mu Malichi 2002 chinawapeza ambiri atachotsedwa m'kaundula wa ovota, ndipo pa chitupa, pamalo pamene anzawo analembedwa CIT, iwo analembedwa ALIEN.

Wophunzira amene wamvetsa mafunso atatu aja amatha kuona chimene chinachitika. Boma linanena kuti anthu alephera kuchita renounce. Kunena zoona, boma ndilo linachita repudiate: linakana ana obadwira m'nyumba mwake. Mneni wina anaikidwa pamalo pa mnzake, ndipo mlandu unachoka pa wokana n'kugwera wokanidwa. M'zaka zomwezo Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare, kumene kunkakhala ambiri ochokera kumpoto, kuti ndi opanda mutupo, ngati kuti Banda, Phiri, Mwale ndi Mbewe si ziwongo. Kumeneko kunali spurn, kukankha ndi phazi. Mu Meyi 2005 kunayamba ntchito yogwetsa nyumba yotchedwa Murambatsvina, dzina lochokera ku mneni wa Chishona kuramba, amene ndi kukana komweko. Lipoti la nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Ena mwa iwo anali omwe aja anathawa m'mapulazi n'kukamanga zisakasa m'malo monga Porta Farm kufupi ndi Norton. Anauzidwa kuti abwerere kumudzi, pomwe mudziwo analibe.

Malamulo anasintha. Mu 2003 kunabwera kusintha kofewetsako kwa ana a anthu ochokera m'maiko a SADC amene anadza kudzagwira ntchito m'minda, m'migodi ndi m'nyumba. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013, pa ndime 43, anati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC ndipo iye ankakhala m'dzikomo pa nthawiyo, ndi nzika yobadwa. Ndime 6 inaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Chaka chomwecho khoti loona za malamulo aakulu, pa mlandu wa Mutumwa Mawere, linagamula kuti nzika yobadwa siyenera kutaya unzika wina kuti ilandire chitupa. Komabe lipoti la Amnesty International la mu Epulo 2021 linaonetsa kuti ambiri akadali opanda mapepala, ndipo bungwe la UNHCR linayerekeza kuti anthu pafupifupi 300,000 ku Zimbabwe ali pangozi yokhala opanda dziko. Mwana wopanda kalata ya kubadwa amavutika kulembetsa mayeso a sukulu, ndipo wopanda pasipoti sangakwere ndege ngakhale atakhoza GRE ndi malikisi onse 170.

Pali zotsutsa zitatu zimene siziyenera kunyalanyazidwa. Choyamba n'chakuti zidzukulu zambiri za m'makomboni zimayankhula Chishona bwino kuposa Chichewa, ndipo zina zinachisiya dala pothawa kutchedwa mabwidi. Izi n'zoona. Koma njira ya mafunso atatu siikaniza Chishona. Wodziwa kuramba ndi kukana ali ndi nkhokwe ziwiri m'malo mwa imodzi. Ndipo wachinyamata amene wabwerera kwa agogo ake kukafunsa kusiyana kwa kumana ndi kukaniza wapindula kawiri: wakonzekera mayeso, watolanso chimene manyazi anamutayitsa.

Chachiwiri n'chakuti mawu a ziyankhulo ziwiri sagwirizana ngati mphika ndi chivundikiro chake. Izinso n'zoona. Kusala kumagwira ntchito ya ostracize ndi ya eschew, pamene Chingerezi chimazilekanitsa. Kusudzula kungaoneke ngati repudiate, koma kusudzula kuli ndi mwambo wake, ankhoswe a mbali zonse alipo ndipo womasulidwayo amachoka ndi ulemu, pomwe repudiate ndi kukana kwa mbali imodzi. Wongomasulira liwu ndi liwu adzagwa m'mbuna. Koma malo amene ziyankhulo ziwiri zasemphana ndi amene amaphunzitsa kwambiri, chifukwa munthu sangaone kusemphanako asanamvetse mawu onse awiri. Chichewa chimathandiza kusanja mawu. Kuwerenga nkhani zambiri za Chingerezi, kumene mawuwo amapezeka ali pa ntchito, sikungalowedwe m'malo ndi china chilichonse.

Chachitatu ndi cholemera kuposa zonse. Mayesowa amadya madola a ku America oposa 200, mayunivesite ambiri anasiya kuwafuna, ndipo mwa ana a m'makomboni amene amafika pa msinkhu wowalemba ndi owerengeka. Wina angafunse kuti n'kutayiranji nthawi pa mawu a anthu ochepa pamene ambiri alibe ngakhale chitupa. Yankho n'lakuti mawuwa sakhala m'mayeso mokha. Ali m'mafomu a kalembera, m'makalata olumbira, m'zigamulo za makhoti ndi m'makalata okaniza viza. Mabanja a ku Glendale ndi ku Shamva anakumana ndi renounce zaka zambiri mdzukulu wawo asanamve za GRE, ndipo anakumana nalo popanda wowamasulira. Mwana mmodzi wa m'komboni amene wadziwa kusiyanitsa renounce ndi repudiate, nathanso kufotokoza kusiyanako m'Chichewa, amakhala maso a banja lonse pa tebulo la kalembera. Akulu anati safunsa anadya phula. Koma m'chaka cha 2001 ambiri anadya phula chifukwa panalibe woti n'kumufunsa.

Ntchito imene ikufunika si yaikulu koposa mphamvu za oyankhula Chichewa ndi Chinyanja amene amwazikana m'maiko anayiwa. Zida zilipo kale: dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott ya mu 1892, Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa a Centre for Language Studies wa mu 2000, ndi dikishonale ya Chichewa ndi Chingerezi ya Steven Paas. Chimene chikusowa ndi mndandanda wosanja mawu ozama a Chingerezi m'magulu, liwu lililonse litafotokozedwa m'Chichewa chomveka, ndi chiganizo cha chitsanzo, ndi chenjezo pamene ziyankhulo ziwirizi zasemphana. Mutu umodzi susenza denga. Wa ku Lilongwe angabweretse mawu a m'mabuku ndi a m'mabwalo a milandu. Wa ku Chipata ndi ku Lusaka angaonetse mmene mawu omwewo amamvekera kwawo. Wa ku Tete ndi ku Niassa ali ndi mwayi wapadera, chifukwa Chipwitikizi chili ndi renunciar, repudiar ndi abjurar, ana a mizu ya Chilatini yomweyo, kotero kuti mawu amene amazunguza anzake iye amawazindikira msanga. Wa ku Mashonaland angabweretse Chichewa cha m'komboni chimene chakhala zaka zambiri moyandikana ndi Chishona, pamodzi ndi mafomu enieni amene makolo ake anapatsidwa kuti asayine.

Kagulu ka mawu a kukana ndi koyenera kuyambirapo, chifukwa ndi komwe kulakwitsa kwake kunaonetsa kale mtengo wake. Malamulo a 2013 analemba Chichewa pa mndandanda wa ziyankhulo za Zimbabwe, koma chiyankhulo chongolembedwa pa mndandanda, chosapatsidwa ntchito yovuta, chimatsalira pa maliro ndi pa dambwe pokha. Kuchigwiritsa ntchito pomasulira mawu ozama a mayeso ndi a malamulo ndi njira imodzi yochipatsira ntchitoyo. Wophunzira wa ku Banket kapena ku Marondera akadzatembenuza kapepala kolembedwa renounce, kuseri kwake asadzapeze “kukana” kokha. Adzapeze kuti ndi kulengeza poyera kuti wataya chimene chinali chako, ndi kuti palibe amene angakakamizidwe kutaya chimene sanapatsidwepo.